Kanema wa Atate Adakana Kutembenuzidwa

Sendezani pafupi, nkhani iyi sindiikamba mokweza. Amene ali ndi phwete aseke pano atsirize, chifukwa tikafika pakati sindifuna kuona mano a munthu.

Ine ndine Layisoni, mwana wa a Kamangira, mfunda wathu ndi Mbewe. Mukafika pa Kasiya tsatirani fungo la kanyenya wa mbuzi, muona kashopu ka chitseko chobiriwira, sipika ili pakhomo. Ndi pamenepo. Ndimabana, kapena kuti kulowetsa, nyimbo ndi mafilimu m'mafoni ndi m'mamemore khadi a anthu. Sukulu ndidalekera sitandade faifi, ndipo ntchito iyi palibe adandilipirira kozi, ndidaiba ndi maso pa shopu ya munthu wina ku Lilongwe. Makanema ovuta ndawaona ambiri. Ena amakana kutseguka, ena amatulutsa mawu okha, ena anthu ake amayenda chadodolido. Onsewo ndimathana nawo. Mmodzi yekha ndiye adathana ndi ine, ndipo ndimanyada naye.

Atate anga adali oimba mbalule, ng'oma ija imatsogolera zinzake gule akatuluka pabwalo. Kudera kwathu maliro a munthu wamkulu sankakoma popanda iwo. Anthu ankabwera ndi njinga kuchokera kutali kudzawatenga, ndipo akakana, gule ankavina ngati wadya zosakhuta. Zikhatho zawo zidali zouma ngati chikopa cha ng'ombe. Khala la moto ankalitola ndi zala n'kuyatsira fodya, uku akucheza.

Mayi ankapemphera. Atate sadawaletsepo, ndipo Lamulungu mvula ikagwa ankawaperekeza mpaka kuwaolotsa padambo, n'kubwerera. Koma iwo m'tchalitchi sadalowemo. Alaliki adasinthana pakhomo pathu kuyambira ndili mwana. Atate ankawapatsa mpando, n'kuwamvetsera mpaka amalize okha, kenako n'kunena mawu amodzimodzi:

"Mwayankhula bwino. Koma ine si chimanga chootcha choti muzingotembenuza."

Adamwalira osabatizidwa, ndipo adaikidwa ndi gule monga adafunira.

Tidabadwa awiri, ine ndi mlongo wanga wamng'ono Enifa. Enifa a mpingo wa mayi adamutenga kukamuphunzitsa, ine ndikuthamangitsana ndi ng'ombe kudambo. Sindinena kuti adalibe nzeru. Ndingonena kuti ine palibe adandifunsa ngati ndidali nazo. Adakwatiwa m'tauni ndi a Mtambalika, mkulu wa mpingo, munthu wovala tayi ngakhale mu Okutobala. Pa ukwati wawo atate adawakhazika kumbuyo, pafupi ndi pophikira. Pa maliro a atate, gule atangotulukira, alamu adalowa m'galimoto n'kukweza magalasi, Enifa n'kuwatsatira.

Atate adalibe chithunzi. Ankakana kujambulidwa, ankati nkhope yawo amaidziwa kale. Chomwe chidalipo ndi kanema mmodzi yekha. Mphunzitsi wina yemwe adali ndi kamera adajambula gule pamaliro ena, n'kuika pa chimbale. Chimbalecho chidakalikakalika mpaka kufa, koma ine ndidali nditakopera kale mu kompyuta yanga yakale. M'kanemamo atate ali pakati penipeni, ng'oma ili pakati pa miyendo, ayang'ana kuno. Fumbi likukwera, amayi akuomba m'manja kumbuyo kwawo. Ndiye pali pena pamene amadzutsa mutu, n'kuyang'ana wojambulayo m'maso, n'kuseka, mpata wa dzino lawo loguluka ukuoneka. Ndikatseka shopu madzulo ndinkakonda kuika pamenepo.

Vuto lidali kompyutayo. Idali ija ya chimutu chachikulu, yolira ngati chigayo. Inkazima yokha, ndipo kuti iyake umayenera kuimenya pambali. Ndinkadziwa kuti tsiku lina ndidzaimenya osayaka, nkhope ya atate n'kupita nayo.

Patatha zaka atate atamwalira, Enifa ndi amuna ake adabwera ndi nkhani ya chiliza. Adati amanga cha miyala yonyezimira, ndipo adzaitana anzawo a mpingo kudzachivundukula. Adandibweretseranso laputopu yatsopano, yopyapyala ngati mbale. Alamu adaipereka anthu akuona, n'kuyankhula mokweza kuti wogulitsa nyama pafupi nane amve mtengo wake. Ndidalandira ndi manja awiri. Chinthu chidali chabwino, sindinama.

Kenako adati akufuna kanema uja adzaonetsedwe madzulo a tsiku loti mawa lake tivundukula. Ndidaika fayiloyo pa fulashi, n'kubaya mu laputopu. Sikilini idangoti bii, pakati pali timawu ta Chingerezi. Alamu adawerenga n'kunena kuti makina akuti saidziwa fayiloyo. Ine sindidadabwe. Ndidawafotokozera kuti kanemayo ndi wa mtundu wakale, wa pa chimbale, ndipo makina atsopano amafuna MP4. Pamafunika kukonveta. Makasitomala akumudzi ndimawauza kuti kutembenuza, kuti amve msanga.

Alamu adaseka mpaka kugwira tayi.

"Mwanena bwino alamu. Tiwatembenuze madala. Mochedwa, koma tiwatembenuze."

Ndimayesa ndi nthabwala. Koma adapitiriza. Adati potembenuzapo ndichotse phokoso la ng'oma, ndiikepo nyimbo ya m'buku. Ndidule paliponse pooneka zilombo za gule, patsale nkhope ya atate yokha. Iwo adzauza alendo kuti madala ali m'chipatala, m'maola awo omaliza, adawagwira dzanja n'kuvomera. Adati si bodza kwenikweni, chifukwa za mumtima mwa munthu adziwa ndani.

M'chipatalamo ndidalimo ndine. Ndinkagona pansi pa bedi. Chomaliza chomwe atate adapempha ndi fodya, anamwino n'kukana.

Ndidayang'ana Enifa. Iye adali kuyang'ana zikhadabo zake.

"Ng'oma sindichotsa," ndidatero. "Kutembenuza nditembenuza, chifukwa nanenso ndikufuna asungike. Koma atuluka ndi ng'oma yawo."

Alamu adati tiona, n'kupita.

Mawa lake ndidayamba. Pulogalamu yotembenuzira ndimaidziwa ngati njira ya kuchimbudzi. Umaika fayilo, umasankha mtundu, umadina, kamzere kobiriwira n'kumayenda mpaka kumapeto. Kadayenda bwinobwino, kufika pakati, n'kuima. Ndidadikira. Ndidabanira anthu nyimbo pa kompyuta yakale, ndidapita kukadya, pobwera kali pomwepo. Ndidayambiranso. Kadafika pamalo omwe aja n'kuima.

Ndidasintha pulogalamu. Iyi idamaliza, koma potsegula mudalibe chithunzi, mdima wokhawokha. Mawu a ng'oma mudalibenso. Ndidakweza sipika mpaka kumapeto, n'kuika khutu. Mudali kupuma kwa munthu. Kupuma kwa pang'onopang'ono, kwa munthu amene wakhala pansi akudikira kuti umalize zonena zako. Ndidafufuta fayiloyo, n'kudziuza kuti ndi mphepo idalowa mu kamera.

Tsiku lotsatira lidali la msika, dzuwa lili paliwombo, anthu ali pikitipikiti. Mayi wina yemwe ankadikira nyimbo za kwaya adakwinya mphuno n'kufunsa ngati ndikuotcha chikopa. Ndidati ndi kanyenya wa panja. Adati ayi, kanyenya amamudziwa. Nditakoka mpweya ndidamva. Lidali fungo la ng'oma yowambidwa pamoto, lija limamveka oimba akamatenthetsa chikopa kuti chilire bwino. Ndidakula nalo fungo limenelo, lidali m'malaya a atate, m'bulangete mwawo. Ndidanunkhiza mawaya onse kuti mwina china chikupsa. Palibe chidali chotentha. Mayi uja adatenga foni yake nyimbo zisadathe kulowa.

Woyandikana nane ndi a Wisikesi, ogulitsa nyama. Amafika kusadache kudzapha mbuzi. M'mawa wina adandiimitsa ndisadatsegule loko.

"Iwe Layisoni, ukamapita uzizimitsa zinthu zako. Anthu akuti ukuitana gule pamsika."

Ndidawauza kuti ndimazimitsa zonse, ndipo dzulo lake magetsi adathima masana, sadayakenso. Adandiyang'ana, mpeni uli m'manja, n'kunena kuti iwo adamva mbalule m'shopu mwanga, chapansipansi, ngati munthu akuyesa chikopa ndi zala asadayambe. Adati mbuzi zomwe adamanga pamtengo zidasiya kulira. Adafunsa ngati ndi kaseti ya malemu atate, chifukwa dzanja lake lidali lomwelo. Nditalowa ndidapeza zonse zili monga ndidazisiyira, kupatula fulashi. Ndimaisiya m'kabotolo pa tebulo. Ndidaifuna m'matumba, pansi pa benchi, m'zinyalala. Ndidaipeza madzulo, pamwamba pa felemu ya chitseko. Kwathu atate ankaika pamenepo zinthu zimene sankafuna kuti ana tizigwire.

Ndidakhala pansi osagwira kanthu. Koma ndine mwana wawo, liuma ndidatengera konko. Ndidati ndiyesa kamodzi kena.

Kamzere kali m'njira, pakhomo padaima munthu. Adali wachikulire, wamtali, miyendo yoyera ndi fumbi ngati wachokera kutali wapansi. Manja adawabisa kumbuyo. Dzuwa lidali kumsana kwake, choncho nkhope sindidaione bwino. Sadapereke moni.

"Ndi pano potembenuzira anthu?"

Ndidati ndi potembenuzira makanema. Adasuzumira m'kati, osandiyang'ana ine, kuyang'ana laputopu. Adaiyang'ana nthawi yaitali. Kenako adatsonya, n'kupita. Nditabweza maso pa sikilini, kamzere kadali kataima. Ndidatuluka kuti ndione walowera kuti. Msewu wa pa Kasiya ndi woongoka, munthu umamuona mpaka patali. Padali ana asukulu ndi ngolo ya ng'ombe. A Wisikesi adati iwo sadaone munthu aliyense pakhomo panga, adangondimva ndikuyankhula, n'kumayesa ndili pafoni.

Ndidatseka laputopu, n'kuiika m'katoni yake. Ndidaimbira Enifa kuti zakanika.

Adabwera ndi alamu Loweruka. Alamu adati ankadziwa kale, makina abwino amafuna munthu wa mapepala ake. Adati ndiwapatse fayiloyo apite nayo ku situdiyo ya m'tauni, kwa anyamata ojambula maukwati a mabwana. Ndidafuna kukana. Koma atate si anga ndekha, Enifa ndi mwana wawonso. Ndidamupatsa fulashi m'manja mwake, osati mwa amuna ake, n'kumuuza kuti ine ndasamba m'manja. Adandifunsa chapansipansi kuti ndaona chiyani. Ndidati palibe. Alamu adali akuliza kale hutala.

Sipadapite masiku, alamu adandiimbira. Adati anyamata a m'tauni adamaliza iwo asadamalize botolo la fanta. Ng'oma yachoka, zilombo zadulidwa, nyimbo yalowa. Adati aonera kuyambira poyamba mpaka kumapeto, nkhope ya madala ili mbee, ikuwala ngati ya munthu wopulumuka. Adati ndidzabwere ndidzaphunzire.

Usiku umenewo sindidadye. Ndinkaganiza za anthu a m'tauni atakhala pamipando, akugwedeza mitu, akuti aleluya pa nkhope ya atate. Ana a Enifa adzakula akudziwa kuti agogo awo adagonja pamapeto. Ine ndi sitandade faifi yanga, adzandimvera ndani?

Tsiku lidafika. Pakhomo pa atate adakhoma tenti. Alendo a m'tauni adakhala pamipando ya pulasitiki, eni mudzi pansi, amayi mbali yawo, abambo mbali yawo. Kumapeto kwenikweni, pansi pa mtengo wa mango, kudakhala madoda omwe ankaimba ng'oma ndi atate. Palibe adawaitana, adangobwera. Dzuwa litangolowa anyamata adapachika nsalu yoyera pakhoma la nyumba, n'kuliza jenereta, n'kuyatsa pulojekita.

Alamu adaimirira ndi maikolofoni. Adayankhula za nkhosa yotayika, za wakuba wa pamtanda. Kenako adafika pa chipatala. Adati madala adawagwira dzanja, misozi ili m'maso. Alendo adati amen. Kumbali ya eni mudzi kudali zii. Azakhali anga, mlongo wawo wa atate, adalavula pansi n'kufotsera ndi chala cha kuphazi. Ine ndidaima kumbuyo, manja m'thumba, chifukwa ndikadawatulutsa sindikudziwa chomwe akadachita.

"Tsopano muwaone nokha bambo athu, atatembenuka," adatero alamu, n'kudina.

Nyimbo idayamba, ya limba, yozizira. Pa nsalu padaoneka bwalo, fumbi, miyendo ya amayi. Kenako atate.

Adali atatipatsa msana.

Kanema ameneyo ndidamuonera kosawerengeka. Ndimadziwa pamene galu amadutsa, pamene mwana amagwa. Atate amayang'ana kuno kuyambira poyamba mpaka kumapeto. Koma pa nsalu paja padali nkhongo yawo, khosi lawo, malaya aja ong'ambika paphewa. Mapewa akukwera ndi kutsika, zigongono zikugwira ntchito, ng'oma yabisika kutsogolo kwawo. Amayi oomba m'manja aja, omwe amakhala kumbuyo kwawo, tsopano ndiwo adali kuyang'anizana nawo.

Alamu adaseka pang'ono n'kunena kuti ndi poyambira chabe. Adathamangitsa kutsogolo. Msana. Adabweza kumbuyo. Msana. Adatseka n'kutsegulanso, thukuta likutsikira mu kolala. Adauza mnyamata wa pulojekita kuti waika molakwika, mnyamatayo n'kuyankha kuti pulojekita imatha kuzondotsa munthu, koma siyimutembenuza.

Palibe adaseka. Ana omwe adakhala kutsogolo adayamba kubwerera chambuyo ndi matako. Agalu a m'mudzi, omwe tsiku lonse ankalimbirana mafupa kuseri kwa tenti, adangoti zii. Nyimbo ija idali ikulirabe, koma inkamveka ngati ikuchokera m'chitsime.

Pamenepo azakhali adayankhula, osakweza mawu, koma aliyense adamva.

"Mumafuna atembenuke. Atembenukatu."

Ndidayang'ana ku mtengo wa mango. Madoda aja adali akumenya mawondo awo ndi zikhatho, onse pamodzi, mofanana, maso ali pa mapewa a atate. Ng'oma siinkamveka, koma iwo ankaitsatira. Mayi wina wa m'tauni adayamba kupemphera mokweza, mawu n'kumuthera pakati.

Ndiye padafika paja. Ndidapadziwa chifukwa cha galu wodutsa. Ndi pamene atate amadzutsa mutu n'kuseka. Pa nsalu mapewa adaima. Mutu udadzuka. Udayamba kupotoloka pang'onopang'ono, ngati munthu amene wamva wina akumunena kumbuyo. Khutu lidaoneka. Tsaya lidayamba kuoneka. Sunkapotolokera kwa tonse, unkapotolokera mbali imene kudaima alamu.

Alamu adagwetsa maikolofoni n'kuzula waya.

Mdima udagwa, jenereta yokha ikulira. Anthu adakhala osasuntha, ngati aliyense akudikira mnzake ayambe. Kenako alendo adayamba kunyamuka mmodzimmodzi kupita ku magalimoto, osatsanzika. Eni mudzi adatsala. Mmodzi wa madoda aja adadutsa pafupi nane, n'kundigwira paphewa. Ine ndidaima pomwepo, chifuwa chili chodzaza. Ndidachita mantha, inde. Koma chiyambire kubadwa sindidaimepo mowongoka ngati tsiku limenelo. Munthu adakana ali moyo, amuika m'manda, amupititsa ku situdiyo ya mabwana, ndipo akukanabe. Amenewo ndi atate anga.

M'mawa mwake chiliza chidavundukulidwa. Abusa adapemphera mwachidule, za chipatala sadazitchule. Alamu adaima patali ndi manda, tayi atavula, ndipo nsalu itangochotsedwa adati mutu ukuwapweteka, n'kukakhala m'galimoto.

Masana ndidapita kukatsegula shopu. Ndisadakhale n'komwe, Enifa adalowa yekha, akadali mu yunifolomu ya amayi a mpingo. Maso adali otupa. Adakhala pa benchi ya makasitomala. Ine sindidamuthandize kuyamba.

"Achimwene, ndikufuna ndiwaone nkhope."

Ndidamuuza kuti ali ndi kanema wake wa ku situdiyo. Adati adamutsegula pafoni m'bandakucha, ali yekha, ndipo adapirira mpaka kumapeto. Mutu sudapotoloke. Kwa iye atate sadayang'ane n'komwe. Adati wayesa kukumbukira nkhope yawo, koma chikubwera ndi nkhongo yokha.

Mawu adali pakamwa panga, ambiri, a zaka zonse. Za ukwati, za magalasi a galimoto, za ng'ombe. Ndidawameza, osati chifukwa cha chifundo, koma ndidaona kuti atate anena kale, ndipo anena bwino kuposa ine.

Ndidayatsa kompyuta yakale. Idakana. Ndidaimenya, idalira n'kuzima. Ndidaimenyanso. Idayaka monyinyirika, sikilini ikuphethira. Sindinkadziwa chimene ndipeze. Ndidatsegula fayilo.

Mbalule idadzaza shopu. Atate adali kuyang'ana kuno.

Enifa adatsika pa benchi n'kugwada pa simenti, ndi yunifolomu yake yoyera. Adaomba m'manja mwaulemu, mofungatira, monga ankachitira ali mtsikana akamawapatsa madzi.

"Mbewe," adatero. "Ndine Nambewe wanu. Ndidachita nanu manyazi pa anthu. Ine kupemphera sindisiya, inunso simudandiletsepo. Koma inu khalani monga mudalili. Ndingopempha ndikutengeni, adzukulu anu akuoneni ndi ng'oma yanu."

A Wisikesi adali atasuzumira pakhomo. Ataona munthu wagwada adavula chipewa n'kubwerera.

Enifa adati ndiyesenso. Ndidamuuza kuti ine ndidaleka, sindifuna kuonanso alendo pakhomo. Adati ndiyese, akakana akana, sadzapemphanso. Ndidatulutsa laputopu m'katoni, ndidakopera fayilo, ndidasankha MP4, osachotsa kanthu, osadula kanthu. Ndidamuuza kuti adine yekha. Adadina.

Kamzere kadayamba kuyenda. Kadafika pakati, pamalo paja, n'kuima. Kompyuta yakale idali ikulirabe pambali, ng'oma ikugunda, ndipo ndidamva Enifa akuyamba kung'ung'udza nyimbo yomwe amayi a m'kanemamo ankaimba. Ndimayesa adaiwala kalekale. Adaidziwa yonse, ndi polandizana pomwe. Kamzere kadanjenjemera, n'kudumpha, n'kupita mpaka kumapeto.

Tidatsegula pa laputopu. Nkhope, ng'oma, zilombo, fumbi, dzino loguluka, zonse. Ndidamuikira pafoni, ndidaika pa fulashi, ndidaika pa memore khadi ina yomwe ndimasunga kunyumba. Kompyuta yakale idafa mvula isadagwe chaka chomwecho. Ndidaimenya mbali zonse, siidayakenso, ndipo sindidadandaule.

Ana a Enifa amabwera patchuthi tsopano. Wamkulu amafuna ndimupezere ng'oma. Ndidamuuza kuti ayambe wafunsa bambo ake, ine sindifuna milandu.

Alamu sadapondenso pa Kasiya. Enifa adandiuza kuti kunyumba kwawo akamaonera kanemayo pa TV, ana amakhala pansi n'kumaseka ndi agogo awo. Alamu amati sakufuna kuona. Koma tsiku lina Enifa adawapeza ataima pakhomo la kuchipinda, akusuzumira ana akuonera. Adawafunsa kuti bwanji osalowa n'kukhala pansi. Adayankha kuti alowerenji, poti palibe choona, munthu wake wangopereka msana.

Ana adayang'ana bambo awo, n'kuyang'ana TV. Pa TV agogo awo adali akuseka.